Kujambula zithunzi usiku: muyambire pati pamene mphunzitsi ali pa intaneti?

Funso: "Ndalembetsa kalasi ya pa intaneti yophunzitsa kujambula zithunzi usiku, ndipo tiyamba pakatha masabata awiri. Ndili ndi kamera yaing'ono ya DSLR yomwe inabwera ndi lenzi ya 18-55mm. Ndayesapo ndekha koma zikukanika: mwezi umangotuluka ngati kadontho koyera, nyenyezi sizioneka n'komwe, magetsi a mumsewu amatuluka ogwedera. Anzanga a m'kalasimo ayamba kale kuonetsana zida zawo zodula. Kodi ndigule kamera ina tisanayambe? Nanga zinthu za mumdima munthu angaziphunzire bwanji kwa mphunzitsi woti sali pomwepo?" Watero mayi wina wowerenga.

Zikomo mayi. Kamera musagule. Mavuto atatu mwatchulawo aliyense ali ndi gwero lake, ndipo palibe ngakhale limodzi lomwe layamba chifukwa choti kamera yanu ndi yotchipa. Mutabwereka kamera ya mnzanu wa zida zodulayo n'kuigwira momwe mukugwirira yanuyi, mwezi ungatulukebe kadontho koyera, kungoti kadontho ka ndalama zambiri.

Tiyambe ndi chomwe kamera imachita mumdima. Kuwala kumagwera pa sensa, kachipangizo ka m'kati mwa kamera komwe kamajambula chithunzi, ngati mvula yogwera mu ndowa. Masana ndi chimvula, ndowa imadzaza m'kuphethira kwa diso, n'chifukwa chake shutter, kachitseko kolowetsa kuwala pa sensa, imatseguka kwa 1/500 ya sekondi n'kutsekanso. Usiku ndi mvula yowaza. Kuti mupeze madzi okwanira, mwina mukulitse kukamwa kwa ndowa, mwina muisiye panja nthawi yaitali. Kukamwako ndiye aperture, yomwe imalembedwa f/3.5, f/5.6, f/8 ndi manambala ena otero, ndipo chomwe chimasokoneza ongoyamba n'choti nambala ikachepa bowo limakula. Nthawi yosiya panjayo ndiye liwiro la shutter. Chachitatu ndi ISO, yomwe siwonjezera kuwala ngakhale pang'ono. Imangokweza zochepa zomwe mwakingazo, monga momwe mumakwezera wailesi yomwe ikumveka patali, mawu n'kukwera limodzi ndi kusokosera kwake. Pa chithunzi kusokoserako ndi timadontho tonga mchenga tomwe ojambula amati noise. Zitatuzi zimayenda mowirikiza: kuchoka pa masekondi 5 kupita pa 10 kuwala kwawirikiza kawiri, kuchoka pa f/5.6 kupita pa f/4 kwawirikizanso kawiri, ndipo ISO 800 kupita 1600 chithunzi chimawala kawirinso. Mphunzitsi wanu akamati "onjezerani stop imodzi", akunena kuwirikiza kumeneku basi.

Magetsi a mumsewu aja akugwedera chifukwa cha manja anu. Kamera yaona mdima, yasankha kutsegula shutter kwa theka la sekondi kapena sekondi yathunthu, ndipo palibe munthu wamoyo amene angaime nji nthawi yonseyo. Kupuma kokha kumagwedeza kamera. Choncho ngati pali chinthu choti mugule kalasi isanayambe, ndi tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu chija. Isakhale yopepuka kwambiri yoti kamphepo kakadutsa iyambe kunjenjemera. Ngati ndalama palibe pakadali pano, kathumba ka mchenga koika pakhoma kapena pamwala kamagwira ntchito, kungoti kamakuvutitsani mukafuna kuloza kumwamba. Kamera ikakhala pa tripod musaikhudze pojambula. Ikani timer ya masekondi 2 kuti kugwedera kwa chala chanu kuthe shutter isanatseguke. Ndipo ngati lenzi yanu ili ndi kabatani kolembedwa IS kapena VR, kazimitseni. Ntchito yake ndi kulimbana ndi kugwedera kwa manja, ndipo pa malenzi ena, makamaka akale, kakasowa chogwedera kamayambitsa kokha.

Ndikanakhala inu, ndikanayambira pamsewu pomwepo, osati pa nyenyezi. Imikani kamera pamalo otetezeka pomwe mukuona galimoto zikudutsa, muike pa M (pomwe manambala mumasankha nokha), ISO 100, f/8 kapena f/11, masekondi 10 mpaka 20. Galimoto zenizenizo sizioneka, chifukwa sizikhalitsa pamalo amodzi, koma magetsi ake amasiya mizere, yoyera kwa zobwera, yofiira kwa zopita. Pa f/11 magetsi a m'mbali mwa msewu amayamba kutulutsa timinga ngati nyenyezi. Nthawi yabwino si pakati pa usiku ayi, koma kachisisira, dzuwa litangolowa kumene thambo likadali labuluu. Pamenepo kuwala kwa kumwamba ndi kwa magetsi kumayandikirana, ndipo nyumba ndi mitengo zimaonekabe maonekedwe ake m'malo mongokhala zinthu zakuda bii. Nthawiyi sichedwa kutha, makamaka kumadera oyandikira equator komwe mdima umagwa msanga, choncho fikani dzuwa lisanalowe.

Za mwezi n'zoseketsa pang'ono, chifukwa vuto lake ndi losemphana ndi lomwe anthu amaganiza. Mwezi si chinthu cha mumdima. Ndi thanthwe lomwe likuwombedwa ndi dzuwa, lowala ngati bwalo masana. Kamera yanu ikakhala pa Auto imaona thambo lakuda lomwe ladzaza chithunzi chonse, n'kuganiza kuti pakufunika kuwala kochuluka, ndiye mwezi umapserera n'kusanduka choyera mbuu chopanda mabanga. Ujambuleni ngati mukujambula masana: ISO 100, f/11, 1/100 ya sekondi ngati uli wathunthu, kenako muzisintha pang'onopang'ono kuchokera pamenepo. Mabanga ake aoneka. Koma kukula kwake sikusintha, ndipo apa pokha ndi pomwe lenzi yanu ili ndi malire enieni. Mwezi umatenga theka la digiri imodzi kumwambaku. Pa 55mm chithunzi chake pa sensa chimangokhala pafupifupi theka la milimita, pamene sensa yanu ndi yotambalala mamilimita opitirira 22. Zithunzi za mwezi wodzaza chithunzi chonse zomwe mumaona zija zimafuna malenzi a mamilimita mazanamazana kapena telesikopu. Ndi lenzi yanuyi, mwezi muziuika ngati mbali ya malo, pamwamba pa mtengo kapena denga, ukamatuluka kumene kunja kusanaderetu.

Tsopano nyenyezi, komwe ambiri amagwa ulesi. Ikani lenzi pa 18mm, osati 55mm. Zifukwa ndi ziwiri. Choyamba, lenzi ya mtundu wanuwu imatseguka mpaka f/3.5 pa 18mm koma pa 55mm imathera pa f/5.6, kutanthauza kuti mukakokera pafupi mwataya kuwala koposa theka. Chachiwiri, dziko likuzungulira. Limayenda madigiri 15 pa ola lililonse, moti m'mphindi ziwiri zokha nyenyezi imakhala itasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwa mwezi. Mukatsegula shutter nthawi yaitali, nyenyezi zimasiya kukhala timadontho n'kukhala timizere. Ojambula ali ndi kawerengedwe kachidule komwe amakatcha lamulo la 500: gawani 500 ndi kutalika kwa lenzi, yankho lake ndi masekondi omwe mungatsegule. Koma nambalayo inapangidwira sensa yaikulu ya full frame. Makamera ang'onoang'ono ngati yanu ali ndi sensa yocheperapo yotchedwa APS-C, choncho muyambe mwachulukitsa 18 ndi 1.5 ngati ndi Nikon kapena Sony, kapena 1.6 ngati ndi Canon. Mupeza 27 kapena pafupifupi 29, ndipo 500 kugawa ndi manambalawo kukupatsani masekondi 17 kapena 18. Ine lamuloli ndimaliona kuti ndi lowolowa manja kwambiri pa makamera a masiku ano. Mukakulitsa chithunzi timizere timaonekabe. Yambirani pa masekondi 13 kapena 15, f/3.5, ISO 3200. Pa 55mm mukanangokhala ndi masekondi 6.

Manambala amenewo angakhale olondola onse koma chithunzi n'kutulukabe chachimbuuzi, chifukwa cha fokasi. Apa ndichedwapo, poti ndi pomwe pamagona nkhani. Fokasi ya Auto imafuna chinthu chokhala ndi malire ooneka kuti igwire. Mumdima lenzi imangopita kutsogolo n'kubwerera, zii zii, mwina kamera n'kukaniratu kujambula. Sinthani kabatani ka pa lenzi kuchoka pa AF kupita pa MF, kuti fokasi muziisintha ndi dzanja. Yatsani live view kuti muziona pa sikirini, lozani nyenyezi yowala kwambiri yomwe mukuiona, kapena getsi lomwe lili kutali zedi, ndipo mukulitse pa sikirinipo ndi batani lokhala ndi chizindikiro cha galasi lokulitsira, kasanu kenako kakhumi. Nyenyeziyo ioneka ngati kampira kofutukuka. Pindani mphete ya fokasi pang'onopang'ono, pang'ono zedi. Kampira kaja kayamba kufota, kufota, mpaka kukhala kadontho kakuthwa, ndipo mukapitirira kayambanso kufutukuka. Bwererani pomwe kanachepetsetsa. Nthawi zina pamenepo mumaona tinyenyezi tina tofooka tikutulukira m'mbali mwake tomwe sitimaoneka poyamba; chimenecho ndi chizindikiro choti mwafika. Musangopinda mphete mpaka pomwe yathera poganiza kuti kumeneko ndiye kutali kwenikweni, chifukwa malenzi ambiri amapitirira pang'ono. Mukapeza fokasi, matani mpheteyo ndi katepi, ndipo musakhudzenso zoom, popeza mukaisintha fokasi imasokonekera.

Pali msampha wina womwe unandigwira ine ndemwe ndikuyamba. Ndinakhala panja maola awiri usiku wopanda mwezi, chithunzi chilichonse chikuwala bwino pa sikirini ya kamera, mlalang'amba uli mbee. Ndinabwerera kunyumba ndikudziona katswiri. M'mawa nditatsegula pa kompyuta, zonse zinali zakuda, nyenyezi zochita kufufuza. Chomwe chinachitika n'choti maso anga anali atazolowera mdima, ndiye sikirini yowalayo inkandinamiza. Kuyambira tsiku limenelo ndimachepetsa kuwala kwa sikirini ndikangofika, ndipo ndimadalira histogram, kachithunzi konga phiri komwe kamera imaonetsa mukadina batani la Info kapena Disp. Kumanzere kwake ndi mdima, kumanja ndi kuwala. Usiku phirilo limakhala chakumanzere ndithu, palibe cholakwika, koma lisachite kukanikizika kukhoma. Pakhale kampata.

Tibwere ku funso lanu lachiwiri, lomwe kwa ine ndi lalikulu kuposa la kamera. Mukunena zoona kuti mphunzitsi wa pa intaneti sadzaima pambali panu mumdima. Sadzaona kuti mwendo umodzi wa tripod uli pa udzu wofewa, kapena kuti lamba wa kamera akukupizidwa ndi mphepo. Ndiye ntchito yanu ndi kumutengera usikuwo kuti auone. Chithunzi chilichonse chomwe kamera imajambula chimasunga m'kati mwake manambala onse: ISO, aperture, liwiro la shutter, kutalika kwa lenzi, ngakhale nthawi. Zimenezi zimatchedwa EXIF. Mphunzitsi wodziwa ntchito akaona chithunzi pamodzi ndi manambala ake amadziwa chomwe chinalakwika ngati analipo. Timizere tonse tikaloza mbali imodzi, shutter inakhalitsa. Nyenyezi iliyonse ikakhala ngati kambedza kapena ikaoneka pawiri, kamera inagwedezeka. Zikakhala timipira tofewa, ndi fokasi. Matenda atatu osiyana, omwe wongoyamba amangowatcha dzina limodzi loti "sichinaoneke bwino".

Choncho samalani katumizidwe. Mukatumiza chithunzi pa WhatsApp kapena Facebook mwa nthawi zonse, chimafinyidwa, manambala aja amachotsedwa, ndipo tinyenyezi tating'ono timasungunuka. Tumizani fayilo yeniyeniyo, ngati document kapena kudzera pomwe kalasi yakonza poikapo ntchito. Ndipo chonde, muzitumiza zolakwika. Ndaona ophunzira ambiri akujambula zithunzi makumi asanu, n'kusankhapo chimodzi chomwe chinangochitika mwamwayi, mphunzitsi n'kuyamikira, iwo osadziwa chomwe chinachititsa kuti chikhale bwino. Sabata yotsatira amalephera kuchibwereza. Amene amatumiza zitatu zoipa n'kulemba kuti "apa ndinasintha ichi, apa ichi" ndi amene amatuluka m'kalasi atadziwa kanthu. Pojambulapo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasintha ISO, shutter ndi fokasi nthawi imodzi, ngakhale mphunzitsi sangakuuzeni chomwe chathandiza. Zomwe EXIF singasunge muzilemba m'kabuku: kunali mphepo, mwezi unali utatuluka, kumadzulo kunali magetsi a tauni.

Kalasi yomwe mwalembetsayo muiyese ndi muyeso womwewu. Ngati ndi mavidiyo okhaokha, opanda woti aone ntchito yanu n'kukuyankhani, mupindulabe koma pang'ono. Funsani tsopano, isanayambe: kodi zithunzi zathu aziziona ndani, kangati, ndipo mafayilo tizitumiza motani?

Dziwaninso kuti thambo la mphunzitsi si lanu. Aphunzitsi ambiri a pa intaneti ali ku Ulaya kapena ku North America, ndipo akafika pa phunziro la mizere yozungulira ya nyenyezi adzakuuzani kuti mupeze Polaris, nyenyezi ya kumpoto yomwe zinzake zimaoneka ngati zikuizungulira. Ngati muli kummwera kwa equator, Polaris simudzaiona ngakhale mutachezera usiku wonse. Kumeneko anthu amalondola kummwera pogwiritsa ntchito gulu la nyenyezi looneka ngati mtanda lotchedwa Southern Cross. Aphunzitsiwo akamati "m'chilimwe" akunena miyezi ya June mpaka August. Pakati pa mlalang'amba wathu, mbali yowala kwambiri yomwe ili cha ku gulu la nyenyezi lotchedwa Sagittarius, pamaoneka bwino kuyambira cha mu March mpaka October, ndipo mu December pamakhala kumbali ya dzuwa. Pulogalamu yaulere ya Stellarium ikuonetsani thambo la pamalo pomwe muli pa ola lililonse. Mwezi nawo uli ndi kalendala yake ya masiku 29 ndi theka yosalabadira ndandanda ya kalasi. Ntchito ya nyenyezi ikagwera sabata ya mwezi wathunthu, kapena kukachita mitambo, muuzeni mphunzitsi msanga, ndipo usiku umenewo jambulani malo owalitsidwa ndi mweziwo. Pa masekondi 20 amatuluka ngati masana achilendo okhala ndi nyenyezi zochepa kumwamba. Mudzamvanso anzanu akutchula manambala a Bortle. Ndi muyeso wa mdima wa thambo womwe John Bortle anaufalitsa mu 2001, kuyambira 1, mdima wa ndiweyani, mpaka 9, pakati pa mzinda waukulu. Mnzanu wa pa 3 ndi inu wa pa 7 simungatulutse zofanana ngakhale mutasinthana makamera.

Pa zithunzi za anzanu zomwe zingakufooketseni, kumbukirani kuti zambiri mwa zithunzi zokongola za mlalang'amba sizituluka choncho m'kamera. Zimakonzedwa pa kompyuta, ndipo nthawi zambiri ndi zithunzi zingapo zosanjikizidwa. Mukasanjikiza zinayi noise imatsika ndi theka, zikakhala 16 imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Foni za masiku ano zimachita zomwezi mwakachetechete, monga Night Sight yomwe Google inatulutsa mu 2018 ndi Night mode yomwe Apple inabweretsa pa iPhone 11 mu 2019. Inu mudzafika pamenepo m'kalasi. Choti muchite panopa n'kungoika kamera kuti izisunga RAW, fayilo yosakonzedwa yochokera pa sensa, pamodzi ndi JPEG, fayilo ya chithunzi ya nthawi zonse. JPEG imasunga masitepe 256 a kuwala pa mtundu uliwonse, pamene RAW ya 12-bit imasunga 4,096 ndipo ya 14-bit 16,384, ndiye zobisika mumdima mumatha kuzitulutsa pambuyo pake, ndi kukonzanso mtundu ngati magetsi a mumsewu apaka chilichonse chikasu. Mapulogalamu a darktable ndi RawTherapee ndi aulere ndipo amatsegula mafayilo amenewa.

Masabata awiri muli nawowa muwagwiritse ntchito pophunzira kamera ndi zala. Khalani pampando masana, tsinzinani, ndipo musinthe ISO, shutter, aperture, muyatse live view, mukulitse, muike timer, osatsegula maso. Zikumveka ngati masewera a ana, koma mumdima mabatani saoneka, ndipo mukayatsa tochi yoyera kapena foni kuti muonere vidiyo ya phunziro, maso anu omwe anatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima amabwerera poyambira. Phunziro muonereni kunyumba, manambala oyambira mulembe pa kapepala, ndipo tochi muiphimbe ndi pulasitiki yofiira, poti kuwala kofiira kofooka sikusokoneza maso kwambiri.

Malo omwe mukufuna kukajambula mukawayendere masana, muone maenje, mudziwe mwini wake, ndipo usiku musapite nokha. Tengani batire lachiwiri m'thumba la malaya momwe mukutentha, chifukwa kuzizira ndi live view zimadya batire msanga. Mukajambula masekondi 15 kamera n'kukhala ngati yafa kwa masekondi 15 ena, musaizimitse. Ikujambula chithunzi chachiwiri shutter ili yotseka kuti ichotse timadontho totentha ta sensa, ndipo mutha kuzimitsa zimenezi mu menu pomwe palembedwa Long Exposure NR. Pakapita ola, muunike galasi la kutsogolo kwa lenzi ndi tochi yofiira ija. Mame amagwera mwakachetechete, ndipo zithunzi zikayamba kufewa pang'onopang'ono popanda chomwe mwasintha, musalimbane ndi fokasi yomwe munamata kale ija. Pukutani lenzi ndi kansalu kake kofewa, muvekenso hood, chotchinga chija cha kutsogolo kwa lenzi, ngati muli nayo, mupitirize.